Gwadani Kaye

Tsiku loyamba Mayi Mshanga sanatsegule buku.
Anatseka chitseko, mabelu a njinga akulira kunja
panjira yotsikira ku Kapata,
nkutiuza kuti: Nonse gwadani pansi.

Tinagwada, akuluakulu makumi anayi,
ena ndevu zili tcho,
Lekani atasiya mwana woyamwa kwa apongozi ku Chadiza,
zovala zosita bwino zikunyambita fumbi la simenti.
Yang'anani bolodi, anatero.
Bolodi linali litathawira kudenga.
Tebulo linasanduka phiri la Kanjala.
Iwo anayenda pakati pathu, choko m'manja,
ife tikuona nsapato ndi mawondo basi,
mawu akutigwera pamutu kuchokera kutali.

Umu ndi mmene adzakuonereni, anatero,
mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri
amene dzulo lomweli ankathamangitsa mbuzi.
Musanamufunse chimene akunjenjemerera
kumbukirani kuti kwa iye ndinu mtengo woyenda.

Sabata ina anabwera ndi mdzukulu wa mlonda wa pageti,
Tisiyenji, wagweluka mano awiri apatsogolo.
Anathira madzi m'makapu awiri olingana.
Ngofanana, kamtsikanako kanavomera.
Kenaka a m'kapu imodzi anawatsanulira m'botolo lalitali, lowonda.
Ochuluka ndi ati tsopano?
Awa! Kanaloza botolo kosaphethira.
Tinaseka. Iwo sanaseke.
Sakunama, anatero, ndipo si wopusa.
Maso ake afika msanga, nzeru ikubwera wapansi.
Mudzamufunse chaka chamawa, adzakusekani ndinu.
Ndani wa inu anakokapo nsonga ya chimanga kuti chikule?

Za achinyamata anatiphunzitsa mu Okutobala,
malata akulira ndi dzuwa, ife tikuwodzera.
Thupi lawo, anati, ndi basi ya usiku ya ku Lusaka:
injini yapsa kale, anthu adzaza,
koma mabuleki akadali kwa makaniko.
Kachiphuphu kamodzi pamphuno
amayesa msika wonse waima kukayang'ana.
Mukamuchititsa manyazi pagulu
masamu onse a tsikulo mwawakwirira nokha.
Ndinalemba zonsezo kuti ndidzakhoze mayeso.

Kenaka ananditumiza ku Vubwi kukayesa kuphunzitsa.
Giledi eyiti, ana makumi asanu ndi limodzi, madesiki khumi ndi atatu.
Ndinati, Yotamu, werenga ndime yachiwiri.
Anaimirira, mutu ukundipitirira ine,
nayamba ndi mawu a bambo,
koma pakati pa chiganizo mawuwo anathyoka
nkulira ngati kamwanapiye.
Kalasi lonse linagwa nalo phwete.
Buku linauluka, chitseko chinati phwa!

Ndodo inali pomwepo pakona,
yosiyidwa ndi amene analipo ine ndisanabwere.
Dzanja langa linaidziwa njira,
poti nane ndinaleredwa nayo.
Koma mawondo anga anakumbukira simenti ya ku Chipata.

Ndinakamupeza kuseri kwa mjigo akukumba pansi ndi chala cha kuphazi.
Ndinakhala pamwala, iye ali chiimire.
Za buku sindinatchule.
Ndinamufunsa za njinga ya amalume ake
imene ndinamuona akuimanga masipoko Loweruka.
Anayankha mawu atatu. Kenaka asanu.
Belu litalira tinabwerera, iye patsogolo, ine pambuyo,
ngati sitinakumane.

Sanawerenge sabata imeneyo, ngakhale yotsatira.
Yachitatu, ndikutolera makope,
anawerenga mizere iwiri chapansipansi,
nkhope atalozetsa pawindo,
ndipo ine ndinapitiriza kuwerengera makope
ngati sindikumva.

Kope la maphunziro a Mayi Mshanga
chiswe chinalidya m'nyumba ya aphunzitsi ija,
chinangosiya chikuto ndi dzina langa.
Thalauzi la tsiku loyamba lija ndikadali nalo.
Ndalichapa kambirimbiri,
koma pamawondo mpotuwabe.